Kadontho Kobiriwira

Plasek, Nebraska
8 Okutobala 1979

Arlene mwana wanga,

Landira moni wochokera kuno kumudzi. Ndikhulupirira uli bwino ku Chicago kwakoko, ndipo ana a eni ake ukuwaphunzitsa ku kolejiwo akumva. Ine ndilipo, kupatula bondo. Mchimwene wako Vernon wayamba kukolola chimanga. Mlamu wako Loretta amandibweretsera chakudya kawiri pa sabata n'kundiuza kuti ndaonda. Pamanda a amayi ako ndinakalambulapo Loweruka.

Ndikupempha unditumizire madola 200. Usadzidzimuke, sindidyapo ngakhale senti.

Ukudziwa ndalama zachitsulo za theka la dola, mahafu aja. A chaka cha 1964 kubwerera m'mbuyo ndi siliva pafupifupi yekhayekha. A 1965 mpaka 1970 muli siliva pang'ono. Otsatirawo ndi mkuwa wovala malaya oyera. Akalewo akadali m'mabanki, osakanikirana ndi anzawo, ndipo banki imakupatsa pa theka la dola basi, pomwe wogula siliva wa ku Omaha akupereka madola asanu pa hafu imodzi.

Ndiye Lolemba ndimatenga mipukutu ya mahafu ku banki yathu ino. Ndimaing'amba pa tebulo n'kuyang'ana m'mbali mwa ndalama. Ukaoneka mzere wa mkuwa, n'zachabe. Ikakhala yoyera mbee ndimaigwetsa pa tebulo. Siliva amalira ngiii, ngati kabelu ka pa guwa, zinazo zimangoti phi. Zachabezo ndimazidontheza kadontho kofiira kuti zikadzabweranso ndisadzataye nazo nthawi, ndimazikulunganso, Lachitatu n'kukazisiya ku banki ya ku Harlow. Subweza pomwe watenga. Atsikana a pa kauntala angakude, ndipo sabata yamawa angakupatse zomwezo.

Ndili ndi madola 300, koma bokosi lathunthu losatsegula ndi 500. Ndalama yako izingoyenda ulendo wa Plasek ndi Harlow, ikatopa idzabwerera kwa iwe.

Vernon usamuuze za pempholi. Loretta ananena kale pamaso pa ansembe kuti apongozi ake asanduka nkhuku, tsiku lonse kupalasa. Ndalemba kalata chifukwa foni yathu ino ndi ya nyumba zinayi, ndipo Mayi Sladek amanyamula yawo isanamalize n'kulira komwe.

Ndine bambo ako,
Emil Zelenka


Chicago
15 Okutobala 1979

Bambo okondedwa,

Ndili bwino, kaya inu ndi bondolo. Ana a eni ake sakumva, koma malipiro akubwera.

Cheke ndi ichi. Chaka ndi chaka ndimaphunzitsa mbiri ya anthu amene anakwera mapiri ndi ngolo kukafuna siliva, ambiri n'kufera panjira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zokamufuna ku banki ya ku Plasek, pakati pa wometa tsitsi ndi sitolo ya chakudya cha nkhumba. Akanakhala ndi nzeru zanu, ine ndikanasowa chophunzitsa.

Ndinu omwe aja munkandisambitsa m'manja ndikagwira ndalama, mukuti zadutsa m'matumba a zidakwa. Lero mukuzigwira chikwi pa sabata, kuzimvetsera, kuzidzoza, n'kuziperekeza pa galimoto mpaka ku Harlow. Ife ana anu simunatiperekezepo choncho.

Ndili ndi mafunso awiri. Kadontho kofiirako mukudontheza ndi chiyani? Nanga bokosilo limalemera bwanji, ndipo amakunyamulirani ndani? Funso lachiwirili sindikuseka.

Pa Khirisimasi ndibwera. Muwauze alamu kuti mabanzi a kolache a jamu ya maplamu akhale ochuluka. Mundilembere zonse zomwe mwapeza, popeza tsopano ndine mwini gawo la mgodi.

Mwana wanu,
Arlene


Plasek
12 Novembala 1979

Arlene,

Moni. Cheke chinafika, zikomo. Kuno kwayamba kuzizira.

Kadonthoko ndi utoto wa zikhadabo wa amayi ako. Anasiya timabotolo titatu, popeza ankapaka pa Pasaka pokha. Bokosi limalemera ngati mwana woyamba kuyenda. Ndinakunyamulani awiri, bokosi silingandikanike.

Ndapeza mahafu a siliva asanu ndi anayi. Imodzi ndi ya 1943, ya chithunzi cha mayi akuyenda chija, ili ndi kachipsera m'mbali ngati inalumidwa. Ndimawasunga m'kabokosi ka fodya.

Koma nkhani ndi iyi. Galimoto yonyamula ndalama imazungulira mabanki a matauni atatu ano, Plasek, Harlow ndi Dunmore, kotero zina zomwe ndinataya zimandibwerera. Izo sizindidabwitsa. Chondidabwitsa n'chakuti zikubwera ndi timadontho tiwiri, kofiira kanga, ndi kobiriwira pambali pake. Ndamata imodzi pa kalatayi, uone wekha.

Ukumvetsa tanthauzo lake? Pali munthu akukunkha m'mbuyo mwanga. Amadikira ndikasiye mipukutu ku Harlow, iye n'kukaigula, kuing'amba, kuyang'ana ngati nkhalamba yaphonya siliva. Akanakhala wofufuza mnzanga wotenga mabokosi akeake, ndikanamuvulira chipewa. Koma uyu akundiyesa wakhungu. Ine amene ndinaimba akodiyoni m'maukwati zaka makumi atatu, ndingalephere kumva kulira kwa siliva?

Ndinamufunsa mtsikana wa pa kauntala ku Harlow, mwana wa a Pokorny uja. Akuti, "A Zelenka, za makasitomala ena sitinena." Ndinati, "Iwe, ndinaimba pa ukwati wa amayi ako." Akuti, "Ndamva, akuti munaimba bwino." Basi.

Ndimugwira ameneyu. Undilembere za kumeneko.

Bambo ako


Pafamu, Plasek
10 Disembala 1979

Arlene mlongo wanga,

Moni. Tonse tili bwino, mwana wathu Denise akuchita bwino kusukulu. Kulemba makalata si ntchito yanga, koma izi sizonenera pa foni ya kuno.

Lachitatu Bambo anagwera mu ngalande ndi galimoto, pafupi ndi mlatho wa ku Harlow. Msewu unali woterera ndi madzi oundana. Sanathyoke. Bokosi la ndalama ndi lomwe linaphulika. Woyendetsa lole ya mkaka anawapeza atagwada mu chipale chofewa, opanda magolovesi, akutola mahafu. Zala zinali zitachita dzanzi. Ndinati, "Bambo, mukudziwa kuti mukanafa?" Iwo akuti, "Zasowa zisanu ndi ziwiri."

Si zokhazo. M'nyumba monse muli mapepala ong'ambika a mipukutu. Akupaka ndalama utoto wa zikhadabo wa Amayi. Ku banki ya ku Harlow akhala akuvutitsa atsikana, akuti pali munthu wobiriwira akuwatsata m'mbuyo. Tsiku lina anakhala m'galimoto panja pa bankiyo kuyambira m'mawa mpaka masana, kumudikirira. Aliyense wolowa amamuyang'ana m'manja. Anthu ayamba kulankhula. Iwe uli kutali, sukuziona.

Masisitere a ku Lincoln ali ndi nyumba ya okalamba, yaukhondo, chakudya chabwino. Chipinda chipezeka pa 1 Malichi. Nyumba ya Bambo tingagulitse kuti izilipira. Akufuna ana tonse awiri tivomere ndi kusayina. Pepala ndakutumizira. Sindikuwathamangitsa, Arlene. Ndikuopa kudzawapeza m'ngalande kachiwiri ataundana.

Ndamvanso kuti ndiwe unawapatsa ndalama. Maphunziro onsewo.

Mchimwene wako,
Vernon


Chicago
17 Disembala 1979

Achimwene,

Moni nonse. Ndathokoza kuti mwandidziwitsa, ndipo ndathokoza woyendetsa lole ya mkaka kuposa inu.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Ndi yachiwiri kuilandira kwa inu chibadwire, yoyamba ija munkafuna njinga yanga. Za ngozi zandiopsa, sindibisa. Koma zinazo, tiyeni tione. Munthu wamwamuna kukhala m'galimoto theka la tsiku kudikirira chinthu chosabwera, inu mumachita zomwezo chaka chilichonse m'tchire ndi mfuti, mumati kusaka agwape. Palibe anakutumizirani masisitere.

Munthu wobiriwirayo sindinamuone, koma kadontho kake kali pa desiki panga pano. Bambo ananditumizira hafu imodzi. Ndi penti weniweni, ndamukanda ndi chikhadabo. Paja wamisala anaona nkhondo. Pepala lanu ndalisunga m'kabati, sindisayina.

Koma kuti musati ndikungowaikira kumbuyo, ndiwafunsa m'khadi la Khirisimasi ngati m'nyumbamo mulibe penti wobiriwira penapake. Ndifunsa mosamala.

Khadi, inde. Sindibwera. Mapepala a mayeso andikwirira, ndipo pali msonkhano wa aphunzitsi a mbiri womwe sindingauthawe. Musanene, ndikudziwa kale zomwe mukufuna kunena. Alanditseni makiyi a galimoto mpaka msewu uume, ngati mungathe kuwalanda.

Mlongo wanu,
Arlene


Plasek
7 Januwale 1980

Arlene,

Moni wa chaka chatsopano. Sikafu inafika, ndi yotentha. Mpando wako pa Khirisimasi anakhalapo galu.

Wafunsa m'khadi ngati m'nyumba muno muli penti wobiriwira. Ndalimva funso lako ndi chomwe chili kuseri kwake. Za munthu wobiriwira uja iwala. Mwina ndinadontheza ndekha n'kuiwala. Ukalamba ndi choncho. Kwa mwana wa a Pokorny ndakapepesa.

Khirisimasi tinadyera kwa Vernon, bakha ndi kabichi wowawasa. Ndinawaonetsa kabokosi ka fodya, Denise yekha ndiye anachita chidwi. Titadya ndinalowa m'shedi yake kukafuna matcheni omanga ku matayala kuti asamaterere. Thirakitala yake yakalamba, koma amaisamala, paliponse pomwe yakalika amapakapo penti. Ndinakhalamo nthawi ndithu.

Kodi Vernon amakuuza za pafamu? Chiwongoladzanja cha kubanki chakwera moti alimi awiri a ku Dunmore agulitsa ng'ombe. Ine sandiuza kanthu, ndi mwana wosapempha chibadwire. Ukamamulembera uchepetse zomuseka.

Siliva wakwera mtengo ngati wapenga, akuti hafu imodzi ikupitirira madola khumi ndi asanu. Anthu akugulitsa masupuni a agogo awo. Ine sindinagulitse. M'kabokosimo akuchepa m'malo mochuluka, koma usadandaule nazo.

Ku Harlow ndikupitabe, pang'onopang'ono, ndi matcheni.

Bambo ako


Chicago
14 Januwale 1980

Achimwene,

Moni. Lero ndilibe nthabwala zambiri.

Bambo andiyankha. Akuti mwina timadontho tobiriwira anadontheza okha n'kuiwala. Akutinso siliva wawo akuchepa m'kabokosi, sakunena kuti akupita kuti, ndipo sakuoneka kuti zikuwakhudza. Awa ndi munthu amene anagwada mu chipale chifukwa cha mahafu asanu ndi awiri achabe. Mu Novembala analemba ngati akupita kunkhondo. Kalata iyi ndi ya munthu wina, wofatsa, wopepesa. Bambo athu anayamba apepesapo kwa ndani?

Ndinkafuna kuti mukhale olakwa, chifukwa ndinazolowera. Pepala lija ndasayina, nali. Ndikupempha chinthu chimodzi. Muwauze nokha, pamaso, mutakhala pansi, osati muli chiimire pakhomo chipewa kumutu monga mwa masiku onse. Akodiyoni apite nayo. Ine ndibwera kudzathandiza kulongedza kumapeto kwa Febuluwale.

Andifunsa ngati pafamu zili bwino. Zili bwino?

Arlene


Dunmore
5 Febuluwale 1980

Alamu anga Arlene,

Moni. Ndikulembera kuno kwa amayi anga kuti Vernon asaone. Muwerenge mutakhala pansi, ndipo mukamaliza mundinene mmene mungafunire.

Munthu wobiriwira uja ndine.

Ndinayamba mu Okutobala. Ndinkawabweretsera Bambo chakudya, n'kumaona mmene akuchitira, pakamwa ndikuwaseka koma maso akuphunzira. Ndinaganiza kuti munthu wa zaka 74 sangaone zonse, makamaka za 1965 zija, zomwe m'mbali mwake simuyera kwenikweni. Ndinati zomwe akuphonyazo bwanji ndizitole ine, ndimusungire Denise, adzapite ku koleji ngati azakhali ake. Ndinatenga ndalama zanga za mazira. Lachinayi lililonse popita kwa amayi ndimadzera ku Harlow, kugula mipukutu yomwe iwo asiya dzulo lake, kudzaing'amba kuno, n'kukaitaya ku banki ya kuno. Kadonthoko ndinaonera iwo. Penti ndinatapa m'chitini cha thirakitala m'shedi.

Vernon atayamba kunena kuti Bambo akuona anthu obiriwira, ndinangoti chete. Ndikanayambira pati? Ine amene ndinawatcha nkhuku pamaso pa ansembe, n'kupezeka ndikupalasa pomwe nkhukuyo yapalasa kale? Ndinadziuza kuti nkhani yaikulu ndi ya galimoto, kadontho sikasintha kanthu.

Tsono mverani. Kuyambira Okutobala mpaka Khirisimasi, m'mipukutu ya Bambo sindinapezemo siliva ngakhale mmodzi. Ndinayang'ana ndi galasi lokulitsa la amayi, ndalama imodziimodzi, ndi mkwiyo. Palibe. Munthu wosokonezeka mutu sangasefe choncho, alamu. Ine wa maso abwino, nditayesapo mpukutu wina wa ku banki ya kuno, ndinatayapo ya 1967, amayi ndiwo anaitola.

Ndiye Lachinayi loyamba la Januwale, mwana wa a Pokorny ananditulutsira mipukutu pansi pa kauntala. Akuti, "A Zelenka anati izi ndisakweze pa galimoto, ndimusungire wobwera m'mbuyo mwawo." Ndinati, "Wawauza kuti ndine?" Akuti, "Ayi, ndipo safunsanso." Nditafika kuno ndinapeza mpukutu umodzi uli ndi hafu ya siliva kumapeto kwenikweni, poonekera, yopukutidwa bwino, yopanda kadontho. Ndinati eya, ayamba kuphonya. Sabata yotsatira chimodzimodzi, imodzi, kumapeto. Yachitatu chimodzimodzi. Lachinayi lapitali ndinapeza ya 1943 ya kachipsera ija, yomwe anationetsa pa Khirisimasi. Ndinakhala pa mpando wa amayi n'kuiyang'anitsitsa. Sakuphonya ayi. Akundipatsa.

Lamlungu Vernon anawauza za ku Lincoln. Anakhala pansi monga munanenera, chipewa pabondo. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Arlene wavomera?" Vernon anati inde. Iwo anati, "Chabwino. Nyumbayi ukagulitsa, zotsala kwa masisitere uike pafamu." Vernon anati, "Sindikufuna ndalama zanu, Bambo." Iwo anati, "Ndikudziwa kuti sufuna." Atatero anandifunsa ngati ndili ndi makatoni.

Akuyesa ndi Vernon, alamu. Anaona penti m'shedi muja. Akuyesa mwana wawo wasauka mpaka kumakunkha mobisa m'mbuyo mwa bambo ake, ndiye alola kutchedwa osokonezeka kuti iye asachite manyazi. Dzulo ndinawapeza akukulunga mbale za malemu apongozi m'manyuzipepala.

Sindikudziwa kuti ndimuuza bwanji Vernon. Ndithandizeni.

Mlamu wanu,
Loretta


Chicago
9 Febuluwale 1980

Alamu,

Moni. Ndinakhala pansi monga munanenera, kenako ndinaimirira, kenako ndinakhalanso.

Kukunenani ndikanakonda, koma ndilibe poyambira. Ine ndili ndi madigiri awiri a kuwerenga makalata a anthu akufa n'kumva zomwe sananene. Bambo anga amoyo anandilembera za shedi, za penti, za famu, zonse m'kalata imodzi, ine n'kusayina pepala. Tiyeni tigawane manyaziwa pakati, ngakhale gawo lanu likhale lokulirapo.

Mwachita chinthu chomwe dokotala wa ku Lincoln sakanatha. Mwawayesa Bambo mayeso miyezi itatu, ndi galasi, ndi mtima wofuna kuti alephere, ndipo akhoza. Ine ana anga a kukoleji ndimawayesa maola awiri okha.

Masisitere ndawalembera lero kuti dzina langa alichotse. Koma kumuuza Vernon ndi ntchito yanu, ndipo Bambo amve kuchokera pakamwa panu, asanakulunge mbale zonse. Ndikupatsani mpaka pa 20. Ndikapanda kumva kanthu ndidzaimba foni kwa Bambo masana, ndidzadikira mpaka ndimve Mayi Sladek akupuma, ndiyeno ndidzafotokoza zonse pang'onopang'ono, ndi kutchula mayina.

Denise mumuuze kuti koleji ilipo, tidzaona pamodzi. Azakhali ake sanafe.

Mlamu wanu,
Arlene


Pafamu
19 Febuluwale 1980

Arlene,

Moni. Foni usaimbe. Kalata yako inachedwa, msewu unatsekeka ndi chipale masiku angapo, ndipo pomwe imafika Loretta anali atanena kale yekha. Akuti ndikuuze zimenezo, kuti usadzitame.

Anandiuzira m'khola la nkhuku. Sindinalankhule naye mpaka madzulo. Mawa lake tinapita kwa Bambo tonse. Tinawapeza pakati pa makatoni. Loretta anatulutsa mahafu asanu a siliva m'kathumba, n'kuwaika pa tebulo.

Bambo anayang'ana ndalamazo, n'kuyang'ana ine. Anati, "Wamutuma mkazi wako kuti akubwezere?"

Loretta anati, "Sananditume, Bambo. Wobiriwira uja ndine. Iye sankadziwa."

Bambo anamuyang'anitsitsa Loretta. Kenako anati, "Iwe? Wa nkhuku uja?"

"Ine ndemwe."

Anatembenukira kwa ine. "Ndiye famu sikugwa?"

Ndinati, "Ikutsimphina, koma sikugwa."

"Sunakunkhepo m'mbuyo mwanga?"

"Bambo, ine sindisiyanitsa siliva ndi chitsekerero cha botolo."

Anati, "N'zoona. Ndinadabwa kuti nzeru zimenezi wazitenga kuti."

Ndinawafunsa chifukwa chomwe sanandifunse, m'malo molola kuti tiwatenge ngati odwala. Anati, "Ukanayankha chiyani? Mwamuna wa zaka makumi anayi ndi zisanu sumuvula pamaso pa mlongo wake." Ndinatuluka panja kukayang'ana matayala a galimoto yawo, ngakhale analibe vuto.

Pobwerera ndinapeza akumufunsa Loretta ngati wapolisi. "Isanafike Khirisimasi, unapezamo angati m'mipukutu yanga?"

"Ngakhale mmodzi, Bambo."

"Za 1965 zija?"

"Palibe."

"Unayang'ana bwino?"

"Ndi galasi."

Anati, "Nenanso, Vernon sanamve, anali panja."

Mahafu asanu aja anamukankhira Loretta, akuti ndi a Denise. Ya kachipsera yokha anaitenga, akuti imeneyo anapereka mtima ukuwawa.

Za Lincoln zatha, ndawalembera masisitere. Koma za ngalande sindinagonje. Makiyi a galimoto yawo ali kwa ine mpaka msewu uume. Tinakangana ola lathunthu, ndipo ndinasangalala kumva akukalipanso. Loretta ndiye aziwayendetsa Lolemba ndi Lachitatu, ndi kunyamula bokosi. Iwo avomera pokhapokha asamalankhule pomwe akumvetsera ndalama. Tiona amene ayambe kutopa.

Mbale tazibwezera m'kabati. Iyi ndi kalata yachitatu. Usazolowere.

Vernon


Plasek
1 Epulo 1980

Arlene mwana wanga,

Moni. Chipale chasungunuka, bondo lilipo, makiyi andibwezera koma mpongozi wanga akukana kutsika pa chiwongolero.

Wamva kuti siliva wagwa? Sabata yatha mtengo unatsika ngati chidebe chodukira chingwe m'chitsime. Wogula wa ku Omaha uja akuti sakuyankha foni. Ife sitinagulitse ngakhale imodzi pomwe unali kumwamba. Loretta ankati tidikire ukwerebe, ine ndinali wotanganidwa ndi makatoni. Choncho mgodi wako sunapindule. Uziphunzitsa zimenezi.

Ntchito ikuyenda. Iye amang'amba ndi kuyang'ana m'mbali, ine ndimamvetsera. Amalankhula. Lolemba tinapeza ziwiri, imodzi anaona ndi iye, ndipo wauza kale ansembe.

Wapepesa kokwanira m'makalata awiri aja, usapepesenso. Unasayina chifukwa unandikhulupirira pomwe ndinkanama. Mwana wotere sindingamudandaule.

Utoto wa amayi ako watsala kabotolo kamodzi, ndaleka kuugwiritsa ntchito. Ndakaika pawindo pomwe ankakaika. Ukapeza wofiira wotsika mtengo kumeneko ubweretse.

Ndati ubweretse, osati utumize. Madola ako 200 ndakusungira. Ndi mahafu mazana anayi, ali m'thumba la banki pansi pa bedi lako. Ku positi akuti kulemera kwake ndilipire ndalama zambiri, ndipo ine cheke sindilemba. Pasaka ndi Lamlungu likubwerali, basi ya ku Omaha imafika Loweruka masana. Udzatenge wekha.

Usadzavutike kufufuzamo. Iliyonse ili ndi timadontho tiwiri.

Bambo ako,
Emil Zelenka